Ukabwera Tidya

Lachiwiri, 3 Juni

Atigoneka. Wodi ya ana, bedi la pafupi ndi zenera. Anesi ati ndizilemba zonse zimene mwana wadya, wamwa ndi kusanza, ndiye ndatenga kope langa la kushedi lomwe ndimalembamo masipeya a njinga, ndayambira kumapeto. Sukulu sindinapite nayo patali. Wopeza zolakwika akonze mumtima mwake.

Mwana wanga ali ndi zaka zitatu ndi theka. Timamutcha Kabelu chifukwa pakamwa pake sipankatseka. Panopa kuli zii. Amujambula pachifuwa, ati ndi chibayo mbali zonse ziwiri. Amuveka timachubu ta mpweya pamphuno, padzanja amubaya kasingano kotsalira pomwepo kolowetsera mankhwala. Pasikelo makilo khumi. Adokotala anayang'ana sikelo, kenako anayang'ana ine nthawi yaitali. Ndikudziwa zomwe amaganiza. Aganize. Kunyumba chakudya chilipo, ndimaphika ndekha ndipo sindipsereza. Mwiniwakeyu ndiye amakana, milomo ndii.

Mayi ake anamwalira mu Febuluwale, pobereka, pamodzi ndi khandalo. Ndalemba kamodzi, sindibwerezanso.

Lero madzi okha, pang'ono. Sanasanze.

Lachitatu, 4 Juni

Wodi yonseyi mwamuna wodwazika ndine ndekha. M'mawa ndapita kumipopi kukachapa zofunda, azimayi onse anasiya zawo n'kumandionera ngati mpira. Wa bedi loyandikana ndi lathu, amene onse amawatcha Mayi a Mapasa, anati, "Bambo inu, mukufinya nsalu kapena mukumanga nati?" Ndinati tionane masana kuti iume poyamba ndi ya ndani. Inauma yanga.

Pabedi la kutsogolo kwathu pali mayi wina wamkulupo, Atelala, akudwazika mwana wa mng'ono wawo amene anapsa ndi madzi otentha. Salankhula zambiri. Amangosokera anthu mabatani.

Masana Kabelu watsegula maso bwinobwino, wayang'ana denga, wayang'ana anesi, ndiye akuti, "Ababa, kuno ndi kuchipatala? Amayi ali chipinda chiti?"

Nkhani yake ndi iyi. Tsiku limene mayi ake ankatuluka ndi chikwama anamuuza kuti ndikupita kuchipatala kukatenga mwana. Maliro onse iye anali kwa azakhali ake. Akuluakulu anagwirizana kuti ndi wamng'ono, tizingoti abwera, aiwala yekha. Ine ndinavomera, mutu sunkagwira. Lero ndamuyankha kuti gona, mankhwala agwire ntchito.

Jakisoni m'mawa, masana ndi madzulo. Phala wakana. Dzira wakana.

Lachinayi, 5 Juni

Amulowetsa chubu china, chodzera m'mphuno kukafika m'mimba, choti mkaka wa kuchipatala uzidzeramo. Machubu ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, koma pa ichi ndinayang'ana kumbali. Analira mpaka manambala a kamakina ka pachala anayamba kutsika. Anesi anati mutonthozeni msanga. Ndinatulutsa foni.

Mufonimu muli mawu a mayi ake. Ndinawajambula ndikuyesa foni nditangoigula, iye akusita zovala uku akuyimba nyimbo ina yomwe ankaikonda. Mwini nyimboyo sindimudziwa. Kabelu akangoimva amakhala phee. Imati:

Ndasesa pakhomo, ndatsuka makapu,
yako ndaiika pamalo pake.
Madzi osamba ndatenthetsa, azizira,
ndatenthetsanso.

Malaya ako ndachapa ngakhale sanade,
ndayanika kuti mphepo iwavale.
Anthu akuti anula, kwada,
ine ndati asiyeni, akundikodola.

Pali ndime yachitatu koma siimveka, chifukwa pamenepo ndikumveka ndi ine, ndikukuwa kufunsa amene wachotsa sipanala yanga pazenera.

Ine nyimboyi ndimaimva ngati ya munthu wosadziwa kusamala zinthu. Makala akutha, sopo akutha. Malaya osada ukamawachapachapa amatha m'khosi. Ndinamuuzapo mayi a Kabelu zimenezi, anaseka mpaka anakhala pansi, akuti inu m'mutu mwanu muli masipoko okhaokha.

Mkaka wa m'chubu wakhazikika. Pakamwa palibe chalowa.

Lachisanu, 6 Juni

Foni ndikuiliza pafupipafupi, ndiye wodi yonse yaiphunzira nyimbo ija. Lero pamzere wa mkaka yabutsa mlandu.

Ine ndinati mwamunayo wangochedwa kuntchito, basi. Mwina ndi dalaivala wa malole.

Mayi a Mapasa anawomba m'manja. "Dalaivala wake uti! Ameneyo anathawa ndi kamtsikana ka pagolosale. Ine wanga atayerekeza, malayawo ndingakolopere pansi, pomaliza ndiyatsire mbaula."

Atelala, ulusi uli kukamwa, anati, "Anafa."

Ndinati m'nyimbo monsemo mulibe mawu oti imfa, ndaimva kambirimbiri, ndilozereni pamene anena.

"Bambo a Kabelu, malaya a munthu wamoyo amada," anatero Atelala.

Ndinati chabwino, nanga zoti malaya akumukodola? Malaya alibe manja, ali ndi mikono yopanda kanthu. Ndi mphepo chabe imeneyo.

"Eya, ndi mphepo. Nayenso akudziwa kuti ndi mphepo."

Mayi a Mapasa anati musiyeni bamboyu, ameneyu mpaka mumuonetse satifiketi ya imfa ndi chidindo. Onse anaseka. Ine sindinagonje, ndinangoona kuti mzere wayenda. Koma ndikuchapa madzulo ndinayang'ana kolala ya malaya anga. Yakuda bii.

Thupi latenthako. Amupatsa mankhwala otsitsa, odzera m'chubu.

Loweruka, 7 Juni

Kwabwera apongozi anga, mayi a malemu. Anyamula mpunga, nkhuku ndi nthochi. Alowa foni ili mkati moyimba. Sankadziwa kuti mawu a mwana wawo alipo penapake. Anaima pakati pa wodi, jumbo ili m'manja, mpaka anesi anawapempha kuti apatuke padutse kangolo ka mankhwala.

Kabelu anati, "Agogo, amayi abwera liti?"

"Posachedwa, mayi wanga. Taidya kanyama aka."

Sanadye.

Ananditengera pakhonde. "Fufutani chinthu chimenecho. Nyimbo yamalodza, mwana wanga ankaiyimba osadziwa kuti akudziitanira. Mukumukumbutsa mwanayu tsiku lililonse, aiwala bwanji? Akaiwala adya."

Ndinati amayi, miyezi yapita, akanakhala woiwala bwenzi ataiwala. Foni ndi yanga, mkazi anali wanga, sindifufuta.

"Ndinabereka ndine."

Koma sindinafufute.

Nkhuku ija adya mapasa ndi mayi awo.

Lamlungu, 8 Juni

Thupi moto. Akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati. Akweza mpweya. Asintha jakisoni, uyu ati ndi wamphamvu. Singano ya padzanja inatsekeka, abaya dzanja linalo. Sanalire n'komwe, ndipo ichi ndiye chandiopsa.

Anthu a tchalitchi anabwera kudzapemphera. Wina anayamba kunena zoti zonse n'chifuniro. Ndinamuuza kuti pempherani kuti achire, zinazo kanenereni kwanu.

Sindimupereka.

Lolemba, 9 Juni

Thupi lazizirako. Adokotala amvetsera pachifuwa, ati jakisoni watsopanoyu akugwira. Kenako anandiuza mosapita m'mbali. Chifuwa tichigonjetsa, koma thupi la mwanayu lilibe chomenyera nkhondo. Chubu si chopita nacho kunyumba. Akapanda kuyamba kudya ndi pakamwa, chimfine chotsatira chidzamubweza kuno, ndipo ulendo umenewo iwo salonjeza kanthu. Anafunsa ngati kunyumba kunachitika chinachake. Ndinati eya. Anagwedeza mutu, anapita bedi lina.

Masana phala litabwera, Mayi a Mapasa anandigwira mkono. "Musamukakamize. Khalani apa, muone zomwe amachita mukatembenuka."

Ndinakhala pabedi lawo, ndinakhala ngati ndikuseweretsa mapasa. Kabelu anatenga kambale kakang'ono, anavundikira kapu ya phala bwinobwino, anaikankhira kumutu kwa bedi. Milomo ikuyenda. Ndinayandikira mwakachetechete. Akuyimba, mawu ngati udzudzu:

Mbale yako ndavundikira,
yanga ndavundikiranso.
Chitseko sindikhoma.
Ukabwera tidya, ukabwera tidya.

Ndime yachitatu ija. Iye anaimva kwa mayi ake enieni, popanda munthu wokuwa za sipanala.

Kunyumba amavundikiranso chonchi. Ine ndimati waphunzira ukhondo, akuopa ntchentche. Ndimamuyamikira, ndimati mwana wanzeru, pitiriza.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndawapeza Atelala pachingwe akuyanika. Ndinawayimbira ndime ija, mawu okha, poti kuyimba kwanga n'kothamangitsa nkhuku. Ndinati inu mumati mwamunayo anafa. Ndiye mzimayiyu naye akufuna afe ndi njala? Ndi nzeru zimenezo? Nyimbo zoterezi bwenzi akumaziletsa.

Anamaliza kaye kuyanika. Ndiye akuti, "Abambo a kunyumba kwanga atamwalira, ine ndinavundikira mbale yawo chaka chathunthu."

Ndinati nanga munkadya?

"Mukundiona ngati munthu wosadya? Ndinkavundikira, ndinkalira, kenako ndinkadya zonse ziwiri, yanga ndi yawo yomwe. Mpaka ndinasintha masiketi."

Ndinaseka osafuna.

"Mzimayi wa m'nyimboyo akudziwa kuti munthu wake sabwera. Wodikira zenizeni sayimba, amakaima pamsewu. Uyu akuyimba kuti mtima upume. Ikatha nyimbo amakhoma chitseko, amadya, kungoti zimenezo saziika m'nyimbo. Inu kunyumba kwanu mulibe chomwe munasiya pamalo pake?"

Ndinati nsapato zake zili kuseri kwa chitseko, koma n'chifukwa choti nyumba ndi yaing'ono, palibe pena poziika.

"Eya," anatero. "Ndi mphepo chabe."

Ndinakakhala pabenchi n'kuganiza ngati ndili kushedi. Tayala likamaphwa sumangopopa, umaviika chubu m'madzi kuti uone pomwe pakutuluka thovu. Ife tangokhala tikupopa. Nkhuku, mazira, nthochi, mkaka. Apongozi akuti bowo ndi nyimbo. Ayi. Nyimbo ilibe mlandu. Wa m'nyimbo akudziwa, wanga sakudziwa. Ife tinamuuza kuti abwera, nyimbo inamuuza chochita podikira, iye akungomvera tonse awiri. Mwana womvera, ndiye tikumupha ndi kumverako.

Ndafunsa anesi aakulu za kumuuza Kabelu zoona. Ati iwo sangandilamule, koma ngati ndikumuuza ndinene mawu enieni. Ndisati agona, adzaopa kugona. Ndisati apita, adzadikira. Ndiyembekeze kaye achoke pa mpweya.

Makilo khumi omwe aja. Mkaka wa m'chubu ukungomugwirizira.

Lachitatu, 11 Juni

Sindichita zinthu mobisa, ndiye apongozi atabwera ndawauza pakhonde.

"Mwapenga? Mwana ali pa mpweya, inu mukufuna kumuponyera mwala pamtima?"

Ndinati akangochoka pa mpweya ndimuuza.

"Tinagwirizana tonse!"

Ndinati tinagwirizana, ndipo onani pomwe mgwirizano wathu wagona, chubu chili m'mphuno.

"Inu ndinu mwana. Mwalerapo angati? Ine ndalera asanu ndi mmodzi."

Ndinati mmodzi, ndipo ndi yemweyu, ndilibe wina wosinthira.

"Ndiitana amalume ake abwere adzakulankhuleni."

Aitaneni, ndinatero, koma aliyense abwere ndi supuni. Amene amudyetse ngakhale kamodzi ndimumvera.

Anandiyang'ana. "Akafooka, mlandu ndi wanu."

Ndi wanga, ndausenza.

Ndinalankhula ngati mwamuna, koma atangokhota pakona ndinakhala pansi pasimenti. Wokolopa anachita kundizungulira. Bwanji ngati akunena zoona? Ine ndimadziwa njinga. Mwana si njinga.

Madzulo atsitsa mpweya, manambala akhazikika.

Lachinayi, 12 Juni

M'mawa achotsa timachubu ta mpweya. Chatsala cha mkaka chokha. Dzuwa litafunda anesi anandilola kumutulutsa panja pang'ono. Ndinamufunditsa, ndinakakhala naye pabenchi ya kuseri kwa wodi. Wapepuka ngati felemu yopanda matayala.

Mawu ndinawakonza kuyambira dzulo, koma onse anathawa. Ndinangoti, Kabelu, ndikuuze zoona. Amayi sali chipinda chilichonse muno. Anadwala kwambiri, anamwalira. Sabweranso. Lero ayi, mawa ayi, tsiku lina lililonse ayi.

Anandiyang'ana pakamwa.

"Nanga mwana uja anakatenga?"

Nayenso anamwalira.

"Agogo anati abwera."

Agogo amaopa kuti ulira. Inenso ndimaopa. Tinakunamiza, pepa.

Anaseweretsa batani la malaya anga. Ndiye akuti, "Ababa, akonzeni."

Ndinati sindingathe.

"Inu mumakonza zonse. Munakonza njinga ya abusa yomwe inapondedwa ndi galimoto."

Ndinati njinga ndimatha. Izi palibe amene amatha, ngakhale adokotala.

Anandimenya pachifuwa ndi dzanja lomwe lili ndi singano, ndinachita kuligwira kuti isatuluke. Kenako kulira kwake kunabwera, kwakukulu, kochokera pansi pa mimba, komwe sindinakumvepo chichokereni mayi ake. Azimayi anasuzumira pamazenera. Palibe amene anatuluka. Inenso ndinalira, ndipo amene akufuna kuseka aseke.

Atatopa anagona. Phala la masana sanalikhudze. Sanalivundikirenso.

Lachisanu, 13 Juni

M'mawa wonse sanalankhule. Wayang'ana kukhoma. Foni wakana. Pasikelo watsikako pang'ono. Mayi a Mapasa anditengera zochapa osandinyoza ngakhale liwu limodzi, pamenepo ndinadziwa kuti nawonso akuopa.

Mwina ndalakwitsa. Koma sindikanabwerera, mawu sabwezedwa m'kamwa.

Apongozi anabwera masana. Ine sanandipatse moni. Anakhala m'mphepete mwa bedi. Kabelu anatembenuka, anawayang'ana, ndiye akuti, "Agogo, amayi anamwalira. Ababa alephera kuwakonza."

Mayi aja anagwira pakamwa. Chichitikireni maliro akhala akumeza misozi mwanayu akakhala pafupi. Lero inakana kumezeka. Analira atawerama, mpango uli kumaso, Kabelu akuwasisita pabondo ngati wamkulu ndi iye.

Patapita nthawi anatambasula dzanja osandiyang'ana. "Tailizani ija."

Ndinailiza. Tinamvetsera tonse atatu. Makapu, madzi, malaya. Itafika paja ndikukuwa ine, apongozi anapukuta mphuno, akuti, "Mpaka pa nyimbo ya mwana wanga inu ndi sipanala." Anaseka misozi ikutsika. Pochoka anati mawa abwera ndi zofunda zina, izi zayamba kununkha mankhwala.

Za mlandu uja sanatchule. Koma mwana sanadye, ndiye mlandu udakali pamutu panga.

Loweruka, 14 Juni

Phala la m'mawa linabwera, ndinaliika pa kabati, sindinanene kanthu. Ndatopa ndi kunyengerera. Ndinakhala pampando n'kuyamba kulemba za jakisoni.

"Ababa."

Ee.

"Mayi wa m'nyimbo uja, anamuuza?"

Ndinati Atelala akuti akudziwa.

"Ndiye amadya ndi ndani?"

Ndinayang'ana Atelala, anakhala ngati akusaka singano. Ndinati nyimbo sinanene. Mwina ndi aneba.

Anaganiza. Kenako akuti, "Inu mwadya?"

Ndisanatsegule pakamwa Mayi a Mapasa alowerera. "Ameneyo? Chibwerereni ndi tiyi basi, amamwa chiimire ngati akuthawa ngongole. Buluku likuchita kugwiridwa ndi waya."

Si waya, ndi lamba, ndinangoboola bowo lina.

Kabelu anakoka kapu, anatenga supuni ndi dzanja lopanda singano. Theka la phala linathera pa bulangete.

"Yasamani."

Ndinati ndi lako ili, la odwala.

"Yasamani, ababa!"

Wodi yonse inatembenuka. Ndinayasama. Phala lozizira, shuga wongonunkhiza, koma ndinameza. Anatapanso. Ndinati tsopano iwe. Anayang'ana supuni ija nthawi yaitali, Atelala singano ili m'mwamba. Anaiika m'kamwa mwake. Anameza movutikira chifukwa cha chubu chija, anachita tsinya, akuti n'loipa.

Ndinati n'loipadi, tiye tilimalize lisapitirire kutinyoza.

Iye masupuni anayi, ndi pakamwa, yekha. Ine asanu, mokakamizidwa. Sanasanze.

Ndinathamanga kukauza anesi, kope lili m'manja. Ati chubu chikhale kaye mpaka aone kuti si zamwayi, ndipo ndisathamange m'wodi. Chikhale, tiona wouma mutu ndani. Masana apongozi abwera ndi mpunga, ndipo Kabelu walamula kale kuti ndikasambe m'manja ndi sopo, ati muli girisi.